Madiredi akuluakulu ogwirana okha: mmene amakulira ndi mmene mungawasamalire

Madiredi alipo amitundu iwiri imene anthu amakonda kusokoneza. Ena ndi a ku saluni, amene wokonza tsitsi amagawa mutu ndi chipeso m'tizigawo tofanana, n'kupota kagawo kalikonse ndi jelo kapena kulowetsa tsitsi ndi singano ya crochet, mwini mutu n'kumabwerako pakatha milungu ingapo kudzapotetsa lomera kumene. Ena ndi amene tikukamba pano. Tsitsi limadzigawa lokha, limagwirana lokha, ndipo madiredi oyandikana amalumikizana patsinde mpaka awiri kapena atatu kusanduka limodzi lonenepa kuposa chala chachikulu. Ambiri amawatchula kuti freeform, ndipo olumikizanawo ku Jamaica amati congo. Ma Rasta ambiri amasunga otere potsata lumbiro la Mnaziri losameta tsitsi, la pa Numeri 6:5, koma masiku ano amene amawasunga chifukwa chongowakonda ndi ochulukanso.

Munthu akamva kuti tsitsi limagwirana lokha amaganiza kuti palibe ntchito. Ntchito ilipo, kungoti si yopota. Chimene mumataya ndi chipeso basi. Madzi, sopo, dzuwa ndi zala zanu zimafunika kuposa kale, ndipo diredi likamanenepa zimafunika kwambiri. Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa madiredi akuluakulu: tsinde lochepa losakwanitsa kunyamula katundu wake, ndi chinyezi chotsalira m'kati. Pafupifupi zonse zimene zili m'munsimu zikuzungulira pa ziwirizi.

Chimene chimachititsa tsitsi kugwirana

Tsitsi lathu silowongoka. Limamera mopiringizika, ndipo lililonse limakulunga linzake loyandikana nalo. Kunja kwake kuli timamba tosaoneka ndi maso, timene timakolana tsitsi likamakhulana, makamaka likanyowa n'kuumanso. Kuwonjezera apo, munthu wathanzi amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 tsiku lililonse. Kwa wopesa, tsitsi limeneli limatsalira m'chipeso. Kwa wosapesa limakodwa pakati pa linzake n'kukhala pomwepo, ndipo pachaka limakwana pakati pa 18,000 ndi 36,000. Ndilo limadzaza diredi m'kati n'kulilimbitsa.

Apa pali mfundo yofunika kuigwira bwino. Gawo lalikulu la diredi lakale ndi tsitsi lomwe linathothoka kalekale, silinalumikizikenso kukhungu. Lomwe likunyamula kulemera konseko ndi tsitsi lamoyo la patsinde lokha. Diredi limalemera chaka ndi chaka, koma malo amene lamera pakhungu sakula, pokhapokha litalumikizana ndi linzake. N'chifukwa chake kulumikizana si vuto ayi. Kukachitika pamalo oyenera kumapatsa diredi tsinde lotambalala.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo kwa ambiri a tsitsi lopiringizika kwambiri limachepera pang'ono pamenepo. Palibe mafuta amene angawirikize kawiri liwiro limeneli, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Tsitsi lililonse limakula zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi kenako limagwa, n'chifukwa chake tsitsi lopesa limakhala ndi malire, pamene madiredi amatha kudutsa m'chiuno popeza logwalo silichoka.

Kuyamba

Yambani ndi tsitsi lachilengedwe. Ngati munaliwongola ndi mankhwala, metani mbali yowongokayo, chifukwa ndi yoterera, imachedwa kugwira ndipo imaduka pamalire pamene yakumana ndi tsitsi latsopano. Sambani m'mutu kawiri ndi shampu kuti vaselini ndi mafuta akale achoke, kenako siyani chipeso, kondishona ndi zodzola zonse zofewetsa tsitsi.

Kukula kwa madiredi anu kumayamba kuoneka pa tsiku loyamba lomweli. Tsitsi lalifupi lotikitidwa ndi siponji ya mabowo ija kapena ndi thawulo limagawika m'timagulu ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo mudzadikira nthawi yaitali kuti tilumikizane. Tsitsi la mzindo la masentimita 5 mpaka 8, longosiyidwa ndi kumasambidwa, limagawika m'magulu akuluakulu. Ngati mukufuna onenepa, siponji musayigwire. Ena amayamba ndi kuluka kapena kupota zigawo zikuluzikulu 20 mpaka 40, osazimasulanso, n'kulisiya tsitsi lipitirize lokha. Njira imeneyi ndi yabwino kwa amene tsitsi lawo ndi lofewa, kungoti mizere ya cholukacho imatha kuoneka mpaka chaka.

M'miyezi itatu yoyamba tsitsi limangosonkhana m'magulu ofewa amene mungathe kuwamasula ndi zala. Kuyambira mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi mumayamba kumva timfundo tolimba pakati pa gulu lililonse, ndipo apo ndiye pamene diredi labadwa. Chotsatira ndi nyengo imene ambiri amagonjera. Tsitsi limafupika m'malo motalika, chifukwa likukulungana m'kati. Lina laima, lina lagona, lina laphwatalala mbali imene mumagonera. Si kulephera kumeneko. Pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri madiredi amakhwima, amayamba kulendewera ndipo kutalika kumaonekera. Onenepa amachedwa kulimba pakati kusiyana ndi ang'onoang'ono.

Nyengo yovutayi ndi imenenso achibale amalankhula kwambiri, wina kufunsa ngati mwayamba chamba, wina ngati mutu ukuyenda bwino. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake: m'nthawi ya Kamuzu Banda lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake ana a ma Rasta ankabwezedwa kusukulu za boma. Mu May 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti ana a madiredi aziloledwa m'sukuluzi. Pa miyezi ya chipwirikitiyi chipewa chomasuka chimathandiza popita kuntchito, bola chisavalidwe pa tsitsi lonyowa.

Za kusasamba m'mutu miyezi itatu kuti tsitsi ligwire msanga, zisiyeni. Tsitsi la mafuta ndi thukuta limaterera. Loyera ndi limene limakolana. Mazira, uchi, mankhwala otsukira mano ndi sopo wosatsukuluza, zimene ena amapaka kuti tsitsi ligwire, zimangomata tsitsi pamwamba, m'kati zikuola. Phula la njuchi ndi loipa koposa zonsezi. Limasungunuka pa kutentha kopitirira madigiri 60, kumene khungu la m'mutu silingapirire, choncho phula likalowa m'diredi madzi osamba salichotsa, ndipo limagwira fumbi ndi chinyezi kwa zaka.

Kulola kapena kuletsa kulumikizana

Apa ndi pamene pagona luso lonse. Nthawi iliyonse mukasamba, tsitsi lomera kumene la madiredi oyandikana limakolana patsinde. Mukapisa chala pakati pawo mumamva kuti chikukodwa pa tsitsi lopingasa. Mukalisiya milungu ingapo limalimba, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu madiredi awiriwo amakhala ndi tsinde limodzi. Kulumikizana kumayambira kumutu, sikukwera kuchokera kunsonga, ndiye kwa nthawi yaitali diredi limaoneka la mphanda: limodzi patsinde, awiri kunsonga. Poti tsitsi limakula sentimita imodzi pamwezi n'kufupikanso pokulungana, kuti mbali yolumikizanayo ikwane masentimita 10 pamatenga chaka kapena kuposerapo. Mphandazo mukhoza kuzisiya, ndi zokongola pazokha.

Si kulumikizana kulikonse kofunika kulola. Gwirani madiredi awiriwo pamodzi ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likhudze khungu lozungulira. Ngati matsinde awo agundana popanda mpata, onse akugwera mbali imodzi, ndipo simukumva kukoka, alekeni alumikizane. Ngati limodzi ndi lowonda ndipo lili pafupi ndi lamphamvu, kulumikizana ndiko kulipulumutsa. Koma ngati pakati pawo pali mpata, kapena limodzi limagwera kumaso linalo kumbuyo, tsitsi lapakatilo limakhala lokokeka usana ndi usiku. Mumayamba kumva kuwawa mukatembenuza mutu, timatuza timatuluka, kenako tsitsi la pamenepo limazuka. Amenewo alekanitseni msanga.

Samalani malo awiri. Oyamba ndi m'mphepete mwa chipumi ndi m'mbali cha kumakutu, kumene tsitsi ndi lopyapyala mwachibadwa. Tidiredi ta kumeneko tikhoza kulumikizana tokhatokha, koma tisamangiriridwe ku diredi lolemera la pakati pa mutu, chifukwa lidzatizula. Achiwiri ndi kunkhongo. Kumeneko pilo ndi kolala zimakhula tsiku lililonse, ndipo munthu saonako. Mukangotayirira miyezi ingapo, madiredi asanu kapena asanu ndi limodzi amasanduka chigamba chimodzi chophwatalala chophimba khungu. Pansi pa chigamba chotere sopo safika, madzi sachoka, ndipo zilonda zimayambira pomwepo. Muzipapasa kunkhongo sabata iliyonse, kapena mupemphe wina akuonereni.

Muyezo wosavuta ndi uwu: malo amene diredi lamera pakhungu asachepe poyerekeza ndi kunenepa kwa diredilo. Diredi la masentimita atatu m'mimba mwake likufuna tsinde la masentimita atatu kapena kuposa. Mitu ya ku saluni nthawi zambiri imakhala ndi madiredi oposa 80; ya akuluakulu imakhala ndi 20 mpaka 40, ndipo pali ena amene amafika pa osakwana 10. Kwa munthu amene alibe choumitsira tsitsi chamagetsi, kunenepa kwa masentimita awiri kapena atatu ndi pabwino kulekezera. Kupitirira apo kukongola kulipo ndithu, koma tsiku losamba m'mutu limasanduka tsiku lathunthu.

Kulekanitsa kumachitika tsitsi lili lonyowa pang'ono, mukangomaliza kusamba. Gwirani diredi lililonse pafupi ndi tsinde, limodzi dzanja ili linalo dzanja ilo, n'kukoka pang'onopang'ono mopatukana mpaka chala chifike pakhungu. Mumva kuthetheka kwa titsitsi tochepa, ndipo zimenezo n'zosadetsa nkhawa. Tsitsi louma limaduka lambiri komanso limapweteka. Sizasi kapena lezala zisafike patsinde: tsitsi lililonse lodulidwa pamenepo ndi lamoyo, lochotsedwa pa gulu lonyamula katundu, ndipo zotsatira zake zimaoneka patapita miyezi diredi likayamba kuwonda. Ngati kulumikizana kwalimba kale masentimita awiri kapena atatu, kwatha. Kukakamiza kumang'amba matsinde onse awiri. Tsitsi lomwazika la pakati, likulungizeni ndi chala ku diredi limene lili nalo pafupi kwambiri.

Nanga mukafuna kuti awiri alumikizane koma akukana? Choyamba ingosiyani kuwalekanitsa. Zikakanika, apotereni pamodzi momasuka kuyambira patsinde, muwasiye choncho milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, mukusamba ngati kale. Singano ya crochet ya mamilimita 0.5 kapena 0.75 ikhoza kukoka titsitsi kuchoka m'diredi lina kulowa m'linzake, koma ikhale ya apo ndi apo ndiponso m'manja odziwa, poti kubaya kwambiri kumadula tsitsi m'kati mosaonekera. Timphira tomangira tisakhalitse kupitirira masiku ochepa. Timafinya malo amodzi n'kusiya diredi litawonda pamenepo, ndipo tikaiwalika tsitsi limatimeza, timasungunukira m'kati n'kusanduka phala lomata. Ulusi wosokera nawo umamezedwa chimodzimodzi. Guluu ndiye ayi.

Kusamba

Kamodzi pasabata n'kokwanira kwa ambiri. Madiredi akanenepa kwambiri, masiku 10 mpaka 14 ndi abwino, osati chifukwa madzi ndi oipa koma chifukwa tsitsi liyenera kuumiratu musanalinyowetsenso. Sambani m'mawa, tsiku la dzuwa.

Sankhani shampu woonekera m'kati, wopanda kondishona. Amene alembedwa kuti 2-in-1, ndi amene pa mndandanda wa zosakaniza pali mayina othera ndi -cone monga dimethicone, amasiya zoterera zimene sizituluka m'diredi. Thirani masupuni akuluakulu awiri a shampu m'botolo la mamililita 500, dzazani madzi ofunda, boolani kabowo pachivindikiro. Shampu wosasungunula amakanirira malo amodzi ndipo amavuta kutsukuluza. Nyowetsani mutu kaye mokwanira, mukufinya diredi lililonse kuti madzi alowe, chifukwa lonenepa limatha kunyowa kunja m'kati muli gwa. Kenako thirani shampu pakhungu, mzere ndi mzere pakati pa matsinde, n'kutikita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Thovu lotsika lifinyireni m'madiredi. Chitani kawiri; ulendo woyamba thovu limachepa chifukwa cha mafuta.

Kutsukuluza kutenge nthawi yowirikiza kawiri kapena katatu kuposa kusambako. Finyani diredi, lilekeni limwe madzi oyera, finyaninso, mpaka madzi otuluka akhale oyera opanda thovu. Kwa wosambira m'ndowa amene madiredi ake afika m'mapewa, ndowa imodzi ya malita 20 nthawi zambiri sikwana, konzeranitu ziwiri. Zoyerayera zimene zimatuluka mukafinya diredi louma kawirikawiri ndi sopo wa miyezi yapitayo.

Madzi nawo ali ndi mbali yake. Mijigo yambiri imatulutsa madzi olemera ndi miyala yosungunuka, ndipo m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje amamveka mchere pakamwa. Mudzawadziwa poti sopo sachita thovu msanga ndipo ketulo imachita zoyera pansi. Sopo wa mtanda akakumana ndi madzi otere amapanga litsiro lotuwa lomata, limene m'tsitsi lopesa limachoka koma m'diredi limakhazikika. Ngati madzi anu ndi amenewo, pewani sopo wa mtanda, gwiritsani ntchito madzi a mvula pamene alipo, ndipo pomaliza thirani lita imodzi ya madzi osakaniza ndi masupuni awiri a vinega kapena madzi a mandimu osefa, mudikire mphindi zitatu, mutsukuluze. Sopo waufa wochapira zovala ndi waukali kwambiri, amaumitsa tsitsi mpaka kumathothoka ndipo amawotcha khungu.

Pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, chitani kutsuka kwakukulu. Sungunulani masupuni atatu a soda wophikira m'beseni la malita anayi kapena asanu a madzi ofunda, gonani chagada madiredi ali m'madzimo kwa mphindi 10 mpaka 15, mukuwafinya. Madzi amada bii ngakhale pa mutu umene umaoneka woyera. Tsukuluzani bwino, kenako thirani madzi a vinega aja. Ambiri amathira soda ndi vinega m'beseni limodzi chifukwa chimachita thovu losangalatsa, koma ziwirizi zimathetsana mphamvu. Soda amayamba kuti amasule litsiro, vinega amatsatira kuti abwezeretse khungu ndi tsitsi m'chimake, poti mwachibadwa zimakhala za asidi pang'ono. Soda wa sabata iliyonse amafooketsa tsitsi.

Kuumitsa

Madiredi ambiri onenepa amene amathera pa sizasi amaonongeka pano. Bulangete lochapa likayanikidwa lopinda, pamwamba pamauma gwa koma m'kati muli chinyontho. Diredi lalikulu limachitanso chimodzimodzi. Kunja kumauma m'maola awiri, pakati pamatha kukhala ponyowa mpaka mawa lake. Chinyezi chikakhala m'menemo pamodzi ndi zotsalira za sopo ndi mafuta, chuku chimamera.

Mukamaliza kutsukuluza, finyani diredi lililonse palokha kuyambira patsinde kutsika kunsonga, kawiri kapena katatu, osalipotokola. Kulungani mutu ndi nsalu yosatulutsa ulusi, monga chitenje chakale chochapidwachapidwa kapena malaya a thonje akuda, mufinyirenso m'nsalumo, musinthe ina youma, mukhale nayo mphindi 15 kapena 20. Thawulo loyera la ubweya limasiya tiulusi timene simudzatichotsanso. Kenako khalani padzuwa kapena pamphepo madiredi ali omasuka, mukuwatembenuza ndi kuwanyamula kuti a kunkhongo ndi apansi aone mpweya. Onenepa mwapakatikati amafuna maola atatu mpaka asanu ndi limodzi. Onenepa kwambiri tsiku lonse. Choumitsira chamagetsi chikhale pa kutentha kwapakati, chikuyenda, osachiimika malo amodzi. Kuweramira pa mbaula n'koopsa, tsitsi la mafuta limagwira moto msanga, ndiponso utsi umalowerera osachoka.

Poyesa ngati lauma, musakhulupirire maso. Tengani diredi lonenepa koposa, likulungeni ndi kansalu kouma pakati pake, finyani mwamphamvu kwa masekondi angapo. Kansalu kakachita chinyezi, kapena diredi likamamveka lozizira ndi lolemera m'dzanja, silinaume. Lisanaume musalimange, musavale chipewa, musagone nalo.

Nyengo ya dzinja ndi masiku a chiperoni, monga amene amagwa ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre m'miyezi ya June ndi July, ndi ovuta. Kuli bwino kuchedwetsa kusamba ndi masiku atatu kudikira dzuwa kusiyana ndi kugona ndi mutu wonyowa. Khungu mukhoza kulipukuta ndi kansalu konyowa podikira. Mvula ikakunyowetsani, umitsani monga mwasamba. Akabaza a njinga zamoto ndi ena ovala helemeti kapena chipewa tsiku lonse azimasula tsitsi madzulo kuti thukuta liume asanagone.

Chuku chimadziwika ndi fungo lachinyontho limene limabwerera nthawi iliyonse tsitsi likanyowa, ngakhale mwangosamba kumene. Mukachipeza msanga, viikani madiredi mphindi 15 mpaka 20 m'madzi ofunda malita awiri osakaniza ndi kapu imodzi ya vinega woyera, tsukuluzani, muumitse mpaka pakati tsiku lomwelo. Bwerezani pakatha sabata. Perefyumu amangobisa fungo chuku chikupitirira. Ngati mwayesa katatu fungo osachoka, ndipo mukatsegula pang'ono diredi mukupeza zofewa zakuda kapena zobiriwira, mbali imeneyo yaola, ndipo kuidula kumapulumutsa yotsalayo.

Mafuta, ulusi ndi fumbi

Chimene chimafewetsa tsitsi ndi madzi. Mafuta amangothandiza kuti madziwo asathawe msanga. Diredi likamamveka lokhakhala, lipopereni madzi pang'ono pamwamba m'mawa, osalinyowetsa mpaka m'kati. Mafuta apite pakhungu, theka la supuni yaing'ono mutu wonse, kamodzi kapena kawiri pasabata, ndipo akhale opepuka monga a malambe kapena a mpendadzuwa. A nsatsi ndi olemera ndi omata. Sakanizani gawo limodzi ndi magawo atatu a opepuka, mupake m'mphepete mokha. A kokonati amaundana kukazizira kutsika madigiri 24, ndiye m'nyengo yozizira ku Dedza kapena ku Mzuzu amaumira m'diredi n'kumaoneka oyera. Vaselini asafike n'komwe.

Ulusi wa mabulangete, majuzi ndi makolala umakodwa kwambiri kunkhongo ndi kunsonga. Ukadali pamwamba uchotseni ndi kopanira kakang'ono. Ukalowa m'kati sutuluka ndipo suola. Pogona mangani mpango wa satini momasuka kapena valikani pilo nsalu ya satini. Chipewa choluka chija chimene ambiri amachikonda chimatulutsanso ulusi, choncho pansi pake pakhale satini. Kuchigayo, pa ntchito ya simenti, kapena pa ulendo wa msewu wafumbi m'chilimwe, phimbani mutu. Mukasambira kunyanja tsukuluzani mchenga tsiku lomwelo.

Tsinde likayamba kuwonda

Pafupi ndi khungu, sentimita imodzi kapena awiri amakhala tsitsi lomasuka losagwirana. Zimenezo n'zachibadwa, ndipo m'pamene diredi limapezera mpata wogwedezeka. Vuto ndi pamene tsinde lachepa kwambiri kuposa thupi la diredi, mukutha kuona kuwala kudutsa, kapena likulendewera pa titsitsi towerengeka.

Choyambitsa chachikulu ndi kukoka: kumanga mfundo yothina pamwamba pa mutu tsiku ndi tsiku, kumangira mbali imodzimodzi, chizolowezi chopotokola diredi limodzi ndi chala mukakhala phee, ndi kulemera kwenikweniko. Madiredi aatali akanyowa amalemera kwambiri, choncho posamba muziwanyamula ndi dzanja kapena kuwasiya atsamire m'beseni, ndipo musawapukuse uku ndi uku kuti madzi achoke. Pomanga gwiritsani ntchito nsalu yotambalala, mumangire m'munsi cha kukhosi, muzisintha malo. Tsitsi limathothokanso lambiri miyezi iwiri mpaka inayi mayi akabereka, kapena munthu akachira matenda otentha thupi kwambiri monga malungo, komanso magazi akachepa m'thupi. Kuthothoka kotere nthawi zambiri kumasiya kokha, koma pa miyezi imeneyo matsinde amakhala ofooka ndipo safuna kumangidwa kolimba.

Diredi lowonda tsinde lilumikizeni ndi loyandikana nalo lamphamvu, monga tafotokozera, kapena mulidule gawo limodzi mwa magawo atatu kuti katundu achepe. Musazengereze. Kukoka kukapitirira zaka, mizu ya tsitsi imafa, khungu limasalala n'kumanyezimira, ndipo pamenepo tsitsi silimeranso ngakhale mupake chiyani. Malo owonda pakati pa diredi amachokera ku timphira kapena ku mankhwala ochotsa mtundu wa tsitsi musanathire dayi, amene amalowa m'kati osatsukuluzika n'kumadya tsitsi pang'onopang'ono.

Mfundu zambiri zoyabwa, zamafutamafuta, sizichokera ku kuuma kwa khungu. Zimayamba ndi kafangasi kamene kamadya mafuta a pakhungu, ndiye kuthirapo mafuta ena kumangowonjezera. Shampu wa ketoconazole wa 2 peresenti, wopezeka m'mafamase, amathandiza: kawiri pasabata kwa milungu iwiri mpaka inayi, kumusiya pakhungu mphindi zitatu mpaka zisanu musanatsukuluze. Kuti musanyowetse madiredi onse kawiri pasabata, anyamuleni m'mwamba wina akuthandizeni kuthira madzi pakhungu pokha. Chipere cha m'mutu, chimene chimagwira kwambiri ana n'kusiya malo ozungulira othothoka tsitsi, sichimva mankhwala opaka okha chifukwa chimalowa m'mizu. Chimafuna mapiritsi a kuchipatala monga griseofulvin, omwa milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu.

Nsabwe sizibwera chifukwa cha madiredi, zimachoka pamutu wina kupita pa wina, koma zikalowa zimavuta poti chipeso sichingadutse. Zimakhala pafupi ndi khungu pamene zimayamwa magazi, ndipo mazira zimaikira patsinde. Pakani mankhwala a permethrin a 1 peresenti potsata malangizo a pabotolo, mubwereze pakatha masiku 7 mpaka 10 kuti muphe zoswa kumene, muchape mipango, zipewa ndi nsalu za pilo m'madzi otentha, ndipo onse a m'nyumba aonedwe. Parafini, mankhwala othira m'chimanga ndi a ziweto asayandikire mutu wa munthu. Amawotcha khungu, amalowa m'thupi, ndipo diredi limawasunga.

Kudula ndi kumasula

Amene chikhulupiriro chawo chimawalola akhoza kumadula nsonga madiredi akayamba kupweteketsa khosi kapena kuvuta kuumitsa. Dulani tsitsi lili louma, ndi sizasi yakuthwa, mopendeketsa pang'ono. Nsonga imayamba yamwazika, koma pakatha miyezi iwiri kapena itatu ya kusamba imadzizunguliza yokha. Kwa amene sadula konse, kusankha bwino zolumikizana m'zaka ziwiri zoyambirira ndiko kudzanyamule mutu wa zaka 15 kutsogolo, ndiye matsinde otambalala ayambe kukonzedwa tsitsi likadali lalifupi.

Madiredi osakwana chaka amatheka kumasula ndi kondishona wambiri, madzi ndi nsonga ya chipeso chachitsulo, kuyambira kunsonga kukwera, ngakhale zimatenga masiku ndipo tsitsi logwa kale limatuluka lochuluka moopsa. Onenepa okhwima samasulika mwaphindu. Mukafuna kusiya, lekani tsitsi likule miyezi itatu kapena inayi osalikulungiza ku madiredi, mudule pamwamba pang'ono pa pamene kugwirana kwayambira, mumasule kotsalako ndi kondishona. Mudzatsala ndi masentimita atatu mpaka asanu a tsitsi lomasuka.